Ma HID akuthwanima, kuzima okha kapena kuthobwa anzanu pamsewu: poyambira kufufuza vuto

Madandaulo a anthu amene anachotsa mababu a halogen n'kuika ma HID (mababu owala ndi mpweya wa xenon) ogula paokha sasiyana kwenikweni. Mbali imodzi ikuyaka, inayo yakana. Nyali zikuthwanima mukangoliza galimoto. Lero zayaka bwinobwino, mawa mpaka muzimitse n'kuyatsanso kangapo. Ndiye ambiri amathamangira kukagula babu lina, pomwe nthawi zambiri babulo lilibe mlandu. Vuto limakonda kubisala pa njira imene moto umadutsa kuchoka ku batire kukafika pa ballast (kabokosi kamene kamayatsa babu la HID n'kulipatsa moto woyenera), ndi pobwerera pake. Musanatulutse ndalama, yambani mwamvetsa chimene chikuchitika m'kati mwa nyaliyo.

Babu la halogen lili ndi kawaya kamene kamatentha n'kuwala. Ngakhale moto utachepa, limayakabe, kungoti mofiirira. La HID lilibe kawaya. Muli timitu tiwiri ta chitsulo totalikirana pafupifupi mamilimita 4, mpweya wa xenon ndi mchere wa zitsulo zina. Kuti moto udumphe kuchoka pa kamutu kena kupita pa kanzake pamafunika mphamvu yoposa 20,000V kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako ballast imatsitsa n'kugwira babulo pa 85V kapena pafupi pamenepo. Likatenthera, seti ya 35W imakoka ma amp atatu ndi pang'ono, kuchepera babu la halogen la 55W. Koma pa masekondi oyamba ballast imakoka moto wochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo ma ballast otchipa ndi amene amakoka kwambiri. Ikapanda kuupeza moto umenewo, siyaka mofiirira ngati halogen ayi. Imathwanima, kapena imangodzitseka. Mavuto ambiri amabadwira pa masekondi amenewa.

Chifukwa cha mphamvu yomweyo, musagwire mawaya a pakati pa ballast ndi babu nyali zili zoyaka. Zimitsani, zulani kiyi, ndipo ngati mukumasula zambiri chotsani waya wa negative pa batire. Musayatse babu lili panja m'manja mwanu, komanso galasi lake musalikhudze ndi zala, chifukwa mafuta a m'zala amalifooketsa likatentha.

Mbali imodzi yokha ndi imene ikuvuta

Apa muli ndi mwayi, popeza mbali imene ikuyakayo ndi choyesera chanu chaulere. Sinthanitsani mababu, la kumanja lipite kumanzere, la kumanzere libwere kumanja. Vuto likasamuka ndi babu, mwalipeza. Likatsala pomwepo, bwezerani mababu n'kusinthanitsa ma ballast. Likasamuka ndi ballast, gulani ballast. Likatsalabe mbali yomweyo ngakhale mwasintha zonse ziwiri, ndiye kuti seti yanu ndi yabwinobwino, vuto lili m'mawaya a galimoto: fyuzi ya mbali imeneyo, soketi yopserera kapena earth (waya wa negative womangidwa pa chitsulo cha galimoto). Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha babu ndi ballast limodzi, nyali ikhoza kuyaka koma simudziwa chimene chinali chakufa, ndipo mutaya chinthu chamoyo.

Ngati mwangoika kumene ndipo palibe ngakhale kuphethira, onani kaye pulagi yolowetsa moto mu ballast. Halogen sasamala kuti positive ali mbali iti, choncho opanga magalimoto sanagwirizane kuti ikhale mbali imodzi. Ballast imasamala. Pa mapulagi a mawaya awiri monga a mababu a H11, HB3 ndi HB4, zulani, tembenuzani pulagiyo n'kulowetsanso. Kaloko kake mwina sikagwiranso bwino, ndiye mangani ndi cable tie kuti isazuke pa mabampu. Ma seti ambirimbiri abwezedwa kwa ogulitsa ati ndi akufa pomwe inali nkhani yongotembenuza pulagi.

Kuthwanima ndi kuyaka mwa apo ndi apo

Tengani multimeter, mita yoyezera moto. Batire lodzaza bwino, injini isakulira, limaonetsa 12.6V kapena pafupi pamenepo. Injini ikulira, muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Likakhala pansi pa 12V galimoto itagona usiku, kapena ngati alternator sikufikitsa 13.5V, konzani zimenezo kaye. HID imaulula batire lotopa msanga kuposa chinthu china chilichonse kupatula sitata.

Zikakhala bwino pa batire, pitani pa pulagi ya ballast. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa ndi mita. Akazula pulagi n'kuyeza, amapeza 12V n'kunena kuti moto ukufika. Waya wotsala ndi tinsinga tiwiri amaonetsanso 12V ngati palibe chimene chikukoka moto. Muyenera kuyeza pulagi ili yolumikizidwa, nyali zikuyaka. Ikani chingwe chimodzi cha mita pa positive wa batire, chinacho pa positive wolowa mu ballast. Chimene mita ikuwerenga ndi moto umene ukutayika panjira. Ukapitirira theka la volti, pali pamene pakutsekereza: switch yotha, soketi yadzimbiri, kapena polumikiza pamene wina anangopota mawaya n'kukulunga tepi. Chitaninso chimodzimodzi kuchoka pa negative wa batire kupita pa negative wa ballast. Kumeneko zisapitirire 0.2V.

Earth ndi imene imanyozeka kwambiri. Waya womangidwa pa bawuti yopentedwa, kapena pa kachitsulo kogwira bampala komwe kali pa pulasitiki, amagwira ntchito tsiku loika, kenako dzimbiri likalowa amayamba kuchita zake. Sankhani bawuti ya pa thupi lenileni la galimoto, palani penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani kolimba, n'kupaka girisi pamwamba kuti madzi asafikepo.

Mankhwala enieni a moto wochepa ndi relay, switch imene imalamulidwa ndi moto wochepa kuti idutsitse moto wambiri. Mawaya a nyali pa magalimoto ang'onoang'ono a ku Japan monga Vitz, Passo kapena Fit ndi opyapyala, anawayeza kuti akwane halogen basi, ndipo ambiri afika kuno atagwira kale ntchito zaka khumi. Mukaika relay, ballast imatenga moto mwachindunji ku batire pa waya wonenepa, ndipo waya wakale wa nyali amangotsala ndi ntchito youza relay kuti yatsa. Pini 30 ipite ku positive wa batire kudzera pa fyuzi ya 20A kapena 30A, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, osati kumapeto kwa waya. Pini 87 ipite ku ma ballast. Mapini 85 ndi 86 alumikizidwe ku soketi yakale ya babu. Relay muiike mapini atayang'ana pansi kuti madzi asadikhemo. Ine sindiona chifukwa choikira HID popanda relay pa galimoto yakale, ngakhale wogulitsa atanena kuti seti yake ndi yongolowetsa.

Ngati fyuzi ya nyali ikupsa mukangoyatsa, musaike yaikulu. Fyuzi ya 10A imateteza waya woyenera 10A, ndipo mukaikapo ya 25A kapena kansinga ka kopa, chimene chipse ndi waya weniweniyo m'kati mwa mtolo wa mawaya, pomwe simungafikepo mosavuta. Ikani relay. Ikapsanso ya pa relay, zulani ma ballast onse n'kulumikiza imodziimodzi kuti mupeze imene yachita shoti.

Pali chizolowezi china chimene chimapha ma ballast mwakachetechete, kuliza galimoto nyali zili pa ON kapena pa AUTO. Sitata ikamazungulira, moto umatsika mpaka 10V kapena kucheperapo, ballast imayesa kuyatsa n'kulephera, ndipo zambiri zikalephera kangapo zimadzitseka mpaka muzimitse n'kuyatsanso. N'chifukwa chake mbali imodzi imakana m'mawa koma n'kuyaka mukabwereza. Lizani kaye, dikirani masekondi angapo, kenako yatsani. Ngati galimoto yanu imagwiritsa ntchito mababu omwewo ngati nyali zoyendera masana, dziwani kuti imawapatsa moto wochepetsedwa kapena woduladula mofulumira. Halogen amangowala pang'ono, koma ballast imathwanima ndipo relay imalira ngati njuchi. Pamenepo pamafunika kuzimitsa nyali za masanazo kapena kuika capacitor (kachipangizo kosunga moto kwa kanthawi) pa waya wolamula relay.

Magalimoto a ku Ulaya ali ndi yawoyawo. VW, BMW, Mercedes-Benz ndi Audi zambiri zimayeza moto umene babu likukoka, ndipo zina zimatumiza timoto tating'ono toyesera ngakhale nyali zili zozima. Kompyuta ikaona kuti kakokedwe sikakufanana ndi ka babu la 55W, imayatsa chenjezo pa dashibodi kapena kudula moto patapita masekondi ochepa. Relay yokha sithetsa zimenezi, imangowonjezera, popeza koilo yake imakoka moto wochepa zedi. Pamafunika ballast yolembedwa CANbus, kapena kabokosi koletsa chenjezo, kapena wodziwa kompyuta asinthe kuti galimoto idziwe kuti ili ndi xenon. Ena amaika resistor ya 50W ya ma ohm 6, imene imakoka moto kuti kompyuta iziyesa kuti pali babu. Imagwira ntchito, koma imatentha mokwanira kusungunula pulasitiki ndi mawaya, choncho imangidwe pa chitsulo ndi masikuluwu, isalendewere.

H4 ndi nkhani ya dimu ndi fulu

Babu la H4 lili ndi timawaya tiwiri, ka dimu ndi ka fulu, pomwe HID ili ndi malo amodzi owala. Opanga maseti anathetsa zimenezi poika maginito amene amakoka babu chammbuyo mukaika fulu. Mukasintha dimu ndi fulu muyenera kumva kaphokoso kakuti tha m'nyalimo. Kakasowa, maginito kapena kabokosi kolamula kafa. Ngati dimu ikutuluka pa fulu ndipo fulu pa dimu, mapini a pa soketi ya miyendo itatu asinthana. Toyota zambiri zakale zimapereka positive pa mwendo umene dimu ndi fulu zimagawana ndipo switch imalumikiza earth, zosiyana ndi mmene maseti ena anapangidwira. Zizindikiro zake ndi fulu yokana, nyali zosazima, kapena kanyali kabuluu ka pa dashibodi kosiya kuyaka. Yezani soketiyo ndi test lamp (kanyali koyesera moto) musanayambe kusuntha mapini, ndipo pogula funsani seti yogwira mbali zonse. Palinso maseti a H4 a dimu yokha. Amene anakugulitsani imeneyo anakulandani fulu, palibe chokonza.

Pa galimoto imene fulu ili ndi babu lakelake, monga HB3, siyani halogen momwemo. HID imatenga masekondi angapo kuti ifike pa kuwala kwake konse, ndiye mukaifuna mwadzidzidzi pa kona imakhala isanadzuke. Komanso madalaivala kuno timalankhulana ndi fulu: kupatsana moni, kupatsana mpata, kuchenjezana za zimene zili kutsogolo. Kuphethira kulikonse ndi kuyatsa kwatsopano kwa 20,000V, ndipo kuyatsa babu likadali lotentha ndi kumene kumadya timitu take msanga.

Madzi, fumbi ndi mabampu

Poika HID ambiri amaboola chivindikiro cha kumbuyo kwa nyali kuti mawaya adutse, ena amangochitaya. Nyengo ya mvula ikafika, galasi limachita nthunzi m'kati, ndipo m'chilimwe fumbi limakuta mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali moti kuwala kumachepa mwezi ndi mwezi. Bowo likhale lokwana ndendende kalabala kamene kamabwera ndi babu, ndipo m'mphepete mupake silicone. Ngati madzi alowa kale, chotsani babu, siyani nyali padzuwa iume, kenako tsekani bwino. Timabowo topumira timene anaika opanga musatitseke.

Nyali ikamazima mukagunda dzenje n'kuyakanso yokha, gwedezani mawaya limodzi ndi limodzi, kupatula a pakati pa ballast ndi babu, kuti muone pamene pakusewera. Ballast yomatidwa ndi tepi ya mbali ziwiri sikhalitsa pa misewu yathu. Imangeni ndi bawuti pamalo potalikira injini ndi rediyeta, mapulagi atayang'ana pansi, ndipo uzani anyamata otsuka galimoto kuti asalozepo paipi. Mukamva kuthetheka kapena kuona kuwala kwabuluu pa mawaya usiku, waya wa babu wakhuzika ndipo moto ukudumphira pa chitsulo. Tepi wamba sangatseke mphamvu imeneyo, sinthani babu ndi mawaya ake.

Wailesi ikayamba kusokosera mukayatsa nyali, wolakwa ndi ballast yopanda zotchinga zokwanira. Lumikizani thupi lake ku earth, talikitsani mawaya ake ndi chingwe cha eriyo, ndipo ikani timphete ta ferrite pa waya wolowetsa moto. Zikakanika, ballast imeneyo ndi yotchipa basi.

Mtundu ukasintha, babu likuyankhula. Lokalamba limayamba kuoneka lapinki kapena lapepo, kenako limayaka, kuzima, n'kuyakanso lokha likazizira. Limenelo latha, ndipo mukalisiya litopetsa ballast. Sinthani onse awiri kuti mtundu ufanane. Samalaninso kuti pali ma ballast a AC ndi a DC. A DC ndi otchipa, amadya kamutu kamodzi ka babu, ndipo kuwala kwake kumanjenjemera. Babu lopangidwira mtundu wina mukaliika pa unzake limafa msanga. Pa lole ya 24V pamafunika ballast ya 24V.

Ponena za manambala a K olembedwa pa mababu, ambiri amaganiza kuti 8000K ndi yowala kuposa 4300K. Nambalayo ikunena mtundu wa kuwala, osati mphamvu. Opanga magalimoto amaika ya pafupi ndi 4300K chifukwa ndi pamene babu limatulutsa kuwala kochuluka, pafupifupi ma lumen (muyeso wa kuwala) 3,200 pa babu la HID la D2S la 35W, poyerekeza ndi 1,500 a H7 wa halogen. Mukamakwera kupita ku buluu, kuwala kumachepa. Pa tala wonyowa, kapena mu chifunga cha ku Chikangawa ndi ku Dedza, 8000K imaoneka bwino kwa oima m'mbali mwa msewu pomwe woyendetsa akungopenyetsetsa osaona kanthu.

Ngati galimoto yanu inabwera ndi HID yake kuchokera ku Japan, werengani zolembedwa pa babu kapena pa nyali musanagule. Pa mitundu ya mababu amenewa, D2 imayendera 85V, D4 imayendera 42V ndipo ilibe mercury, choncho sizilowerana. Mapazi ake anawadula mosiyana dala, ndiye wina akamasema ndi fayilo kuti likwane, mukanizeni. Chilembo S, monga pa D2S, ndi cha nyali ya projector (yokhala ndi kagalasi kozungulira kutsogolo kwa babu), R ndi cha reflector (ya mbale yonyezimira yokha).

Vuto limene mawaya sangathetse

Tiyerekeze kuti zonse zayaka, sizikuthwanima, koma galimoto iliyonse yobwera kutsogolo ikukuphethirani fulu inu muli pa dimu. Kapena mitengo ndi zikwangwani zikuwala mbee, koma patali pamsewu pali mdima. Apa palibe chakufa. Nyali ya halogen anaiumba kuti itenge kuwala kochoka pa kawaya kowongoka kamene kali pamalo enieni, mpaka kachigawo ka milimita, n'kukuponya pansi ndi kumbali. Moto wa HID ndi wopindikira m'mwamba, wowala kwambiri kumapeto kwake kuwiri, ndipo pa mababu otchipa sukhala pamalo pamene panali kawaya. Mbale yonyezimira imangoponya chimene yalandira, ndiye kuwala kowirikiza kawiri kumamwazikira m'maso mwa anzanu. Kwa inu mwini kumaoneka ngati zasintha kwambiri chifukwa pafupi ndi bampala payera, koma kuyera kwa pafupiko kumachepetsa mboni za m'maso mwanu moti patali mumaona mochepa kuposa kale.

Kumene HID inayambira, pa BMW 7 Series mu 1991, inabwera ndi nyali yopangidwira babu limenelo. Malamulo a UNECE, nthambi ya bungwe la United Nations, amene mayiko a ku Ulaya amatsata amafuna kuti dimu yoposa ma lumen 2,000 ikhale ndi makina odziwongolera okha galimoto ikalemedwa kumbuyo, komanso zotsukira galasi. Amene muli ku Britain, dziwani kuti galimoto ya masiku ano ya nyali za halogen zoikidwa mababu a HID imalephera MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka. Kwathu kuno chifukwa chachikulu chili pamsewu pomwepo. M1 usiku imakhala ndi oyenda pansi, akabaza opanda nyali, ngolo ndi malole ofera pamsewu atangoikapo masamba. Dalaivala amene mwamuthobwa amayenda mamita makumi angapo asakuona za kumanzere kwake, ndipo kumeneko ndi kumene kuli anthu.

Pali zochepa zimene mungayese. Onetsetsani kuti babu lakhala bwino pampando wake, silinapendekeke, ndipo kandodo kobwezera moto kamene kali m'mbali mwa galasi kali pansi, monga zimafunikira pa nyali zambiri. Ngati galasi la pulasitiki lachita chikasu, lipukuteni ndi sandipepa wa madzi ndi polishi n'kupaka chotchinga dzuwa, chifukwa galasi lotuwa limamwaza kuwala kulikonse. Kenako wongolani. Imikani galimoto pamalo athyathyathya mamita 10 kuchoka pa khoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchoka pansi n'kulemba mzere pakhoma pa msinkhu womwewo. Pa nyali zambiri pamakhala polembedwa 1.0% kapena 1.2%, kutanthauza kuti pa mamita 10 malire a kuwala akhale masentimita 10 kapena 12 pansi pa mzere wanu. Popeza timayenda kumanzere, mbali yokwera ya kuwalako ikhale kumanzere. Phimbani nyali imodzi ndi katoni mukamawongola inzake.

Khoma lomwelo likuuzani zoona. Mukaona mzere womveka bwino, pamwamba pake pali mdima, nyali yanu yailandira HID, ndipo izi zimachitika kawirikawiri ndi ma projector. Mukaona chimtambo chopanda malire, kuwala kukukwera mpaka pa denga, kutsitsa sikuthandiza: mudzatsitsa mpaka muziona mamita 20 okha, anzanu akuthobwedwabe. Seti ya 55W imangokulitsa vutoli, kuwonjezera apo kutentha kwake kumawaula chonyezimira cha m'kati mpaka chichite mbuu. Zotsala ndi ziwiri. Mukhoza kutsegula nyali n'kuikamo projector ya bi-xenon (yopereka dimu ndi fulu pa babu limodzi) yopangidwira D2S, yodulira kuwala mbali ya oyenda kumanzere, chifukwa zambiri zogulitsidwa pa intaneti ndi za mayiko oyenda kumanja ndipo zimaponya kuwala kwa amene mukukumana naye. Apo ayi, bwererani ku halogen yabwino ya Osram kapena Philips, muisiyire relay ija kuti izilandira moto wonse wa batire, galasi mutalipukuta. Relay imeneyo mungoisintha mapulagi kuti ipite ku mababu m'malo mwa ma ballast, ndipo pa H4 pafunika ziwiri, ya dimu ndi ya fulu.